PITANI NAO ANA KU GOMBE LA KAFUE, ASANAPITEKO OKHA

M'maiko amene ali m'mbali mwa nyanja ya mcere muli zombo zikulu-zikulu zimene nchito yake ndi kuyendetsa anthu okaona malo. Combo cimodzi cimanyamula anthu zikwi ziwiri kapena kuposerapo, ndipo m'kati mwake muli zipinda zogona, nyumba zodyeramo ndi mabwalo a masewera. Zina zimanyamuka pa doko la Durban ku South Africa ndi kukaima pa kacisumbu ka Portuguese Island, pafupi ndi mzinda wa Maputo. Zina zimaima ku Zanzibar, ku Mombasa ndi ku Port Louis m'dziko la Mauritius. Zikaima, makolo amatsika ndi ana ao kukathera tsiku pa gombe. Anawo amaumba tinyumba ta mcenga, amatola zigoba za nkhono, amaona nsomba ndi kukwera timabwato, ndipo madzulo onse amabwerera m'combo.

Ulendo wotere umadya ndalama zambiri, ndipo dziko lathu la Zambia lilibe nyanja ya mcere. Doko lathu lodziwika ndi la Mpulungu pa nyanja ya Tanganyika, kumene combo ca Liemba, comangidwa ku Germany mu 1913, cinakhala cikufika kwa zaka zambiri kucokera ku Kigoma. Ku Livingstone ndi ku Siavonga nakonso kuli mabwato oyendetsa alendo. Koma kwa banja la mlimi wa ku Shimabala konseko ndi kutali.

Komabe cimene makolo a m'zombo zija amagulira ana ao ndi ndalama zao zonsezo si combo ai. Amawagulira tsiku limodzi loona madzi, nyama ndi anthu a m'mbali mwa madzi, ali pafupi ndi munthu wamkulu wowayang'anira ndi kuwafotokozera. Cimeneco banja la ku Shimabala lingacipeze ndi ndalama ya basi cabe, pakuti mtsinje wa Kafue uli pa mtunda wa makilomita owerengeka kucokera pa khomo pao.

MTSINJE ULI PAFUPI, ANA SAUDZIWA

Shimabala ali pa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kupita kum'mwera, pakati pa Chilanga ndi tauni ya Kafue. Oyenda pa galimoto amadziwa malowa cifukwa ca geti yolipirirapo msonkho wa mseu imene inatsegulidwa mu 2017. Tauni ya Kafue ili pafupi-fupi makilomita 45 kucokera ku Lusaka, ndipo mtsinje umadutsa kum'mwera kwake. Mabasi aang'ono amayenda mu mseu umenewu tsiku lonse.

Makolo ambiri amaletsa ana ao kufika ku mtsinje, ndipo ali ndi zifukwa zomveka: ng'ona, mvuu, likodzo ndi kumira. Koma tonse tikudziwa kuti mnyamata wa zaka khumi ndi ziwiri saletsedwa ndi mau okha. Tsiku lina adzatsagana ndi anzake mobisa, ndipo adzafika pa madzi akuya asakudziwa kanthu kalikonse za makhalidwe a mtsinje. Mwana amene anayamba wafikako ndi atate ake kapena amalume ake, nasonyezedwa malo oyenera kuima ndi malo oyenera kuwathawa, ali ndi cida cimene mwana woletsedwa uja alibe. Akulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mwana ayenera kuona dziko, koma ulendo woyamba auyende atagwira dzanja la kholo.

Nyengo yabwino ya ulendowu ndi chuthi ca mwezi wa Ogasiti. Nthawi imeneyi mvula kulibe, njira n'zouma, udzu ndi waufupi ndipo dzuwa silinayambe kuwawa monga licitira mu Okutobala. Chuthi ca Disembala si cabwino kweni-kweni, cifukwa magombe amaterera ndipo udzudzu umacuruka.

MILATHO IWIRI

Cinthu coyamba cimene ana angakondwere naco ndi milatho. Mlatho wa njanji unamangidwa mu 1906, pamene njanji yocokera ku Livingstone inali kulowera ku Broken Hill, kumene lero timati Kabwe. Kutalika kwake ndi mamita 427 ndipo uli ndi zigawo za citsulo 13 zokhala pa nsanamira. Auzeni ana aziwerenge okha zigawozo ali cilili pa mtunda, kenaka agawe 427 ndi 13 kuti apeze kutalika kwa cigawo cimodzi. Masamu a pa bolodi amamveka msanga akakhala ndi cinthu cooneka ndi maso. Koma mwana kapena wamkulu asayende pa mlatho wa njanji, pakuti sitima ikatulukira palibe kothawira.

Mlatho wa mseu uli ndi mbiri yakenso. Woyamba unaikidwa mu 1949 ndi thandizo la bungwe la Beit Trust, ndipo zitsulo zake zinali zitagwirapo kale nchito pa mtsinje wa Thames mu mzinda wa London. Umene magalimoto akuolokerapo masiku ano unamangidwa mu 1993 ndi thandizo la dziko la Japan. Milatho isanabwere, anthu anali kuoloka pa mabwato, ndipo David Livingstone naye anaoloka mtsinje umenewu kumapeto kwa caka ca 1855 pa ulendo wake wopita ku nyanja ya kum'mawa. Amene ali ndi foni yojambulira ayambe wapempha cilolezo kwa apolisi kapena alonda, cifukwa milatho ndi malo otetezedwa.

MADZI AMENEWA ACOKERA KUTI, APITA KUTI?

Mwana aliyense akaona madzi oyenda amafunsa funso limeneli, ndipo kholo liyenera kukhala ndi yankho. Kafue ndiwo mtsinje wautali koposa mwa mitsinje imene imayambira ndi kuthera m'dziko la Zambia. Kutalika kwake ndi pafupi-fupi makilomita 1,600. Umayambira kufupi ndi malire a dziko la Congo, nudutsa m'cigawo ca migodi, nulowa m'nkhalango ya nyama ya Kafue National Park mpaka pa damu la Itezhi-Tezhi. Kucokera pamenepo umayenda mwaulesi m'cidambo cacikuru ca Kafue Flats, ndipo ukapitirira tauni ya Kafue umagwera m'mapiri ndi kukathira mu Zambezi kufupi ndi Chirundu.

M'mapiri amenewo ndimo muli makina opanga magetsi a Kafue Gorge, amene anayamba nchito kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970. Kumunsi kwake kuli makina atsopano a Kafue Gorge Lower, amene anamalizidwa mu 2023 ndipo mphamvu yake ndi mamegawati 750. Pafupi ndi tauni palinso malo oyeretsera madzi a Iolanda, kumene madzi amapopedwa ndi kutumizidwa m'mipope mpaka ku Lusaka. Conco mwana adziwe kuti madzi amene akuwaona akudutsa pamaso pake ndiwo amayatsa getsi m'cipatala, ndipo ndiwo amamwa abale ake okhala mu mzinda.

Adziwenso kuti mtsinje umadwala. Pa 18 Febuluwale 2025 damu losungiramo zonyansa za mgodi linagumuka ku Chambishi, ndipo madzi a asidi analowa mu mtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zinafa, minda inaonongeka, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi kwa masiku. Cimene cathiridwa kumtunda cimafika kwa okhala kumunsi. Mwana amene wamva zimenezi ali pa gombe sadzavutika kumvetsa cifukwa cake mapepala ndi mabotolo a cakudya ca ulendo ayenera kubwerera nao kunyumba.

MBALAME NDI ASODZI

Ana aang'ono sasamala za zaka ndi mamita. Iwo amafuna zamoyo. Akhazikeni pa mthunzi pa malo okwera, muwauze akhale cete, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Posacedwa adzaona akakowa oyera akusaka m'madzi osaya, abakha ndi atsekwe a m'chire akuuluka m'magulu, nanchengwa atasenza kamtengo kopita nako ku cisa cake cacikuru, ndi timbalame tacikasu toluka zisa pa bango. Akacita mwai adzamva kulira kwa nkhwazi, mbalame imene ili pa mbendera ya dziko lathu, ndipo mwina adzaiona ikutsika ndi kukwatula nsomba ndi zikhadabo zake. Mwana wa sukulu atenge kope ndi pensulo, alembe mbalame iliyonse imene waiona ndi kuijambula. Agogo akakhalapo achule maina ake m'cinenero ca kwao, pakuti maina ambiri a mbalame akutha pamodzi ndi nkhalamba.

Kumadzulo kwa tauni ndiko kuli cidambo ca Kafue Flats cija, cacikuru pafupi-fupi masikweya kilomita 6,500. M'menemo muli nyama ya mtundu wa mphoyo yochedwa Kafue lechwe, imene siipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Nkhalango za Lochinvar ndi Blue Lagoon zinakhazikitsidwa m'cidambo comweco, ndipo ku Lochinvar kokha anthu aonako mitundu ya mbalame yoposa 400. Alendo amacokera ku Ulaya kudzaona zimenezi, pamene mwana wobadwira m'boma la Kafue amatha sukulu asanamve ngakhale dzina lake.

Pa madoko a asodzi, monga la Chanyanya ndi ena a kufupi ndi tauni, ana angaone mabwato akukoceza m'mawa, maukonde akusokedwa ndi nsomba zikuwambidwa. Apatseni moni asodziwo mwaulemu ndi kupempha kuti asonyeze ana kusiyana kwa mlamba ndi nsomba za mtundu wa cambo zimene pa msika timati bream. Adzaonanso tizilombo ta m'madzi tokhala ngati nkhanu tochedwa crayfish, timene kwao ndi ku Australia koma tsopano tadzaza mu Kafue ndipo timadya nsomba zokodwa mu ukonde. Msodzi angawafotokozerenso cifukwa cake Boma limatseka usodzi caka ciliconse kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale: imeneyi ndiyo nyengo imene nsomba zimaswana. Mwana wa mlimi amene amadziwa kuti mbeu siidyedwa adzamva msanga lamulo limeneli.

MASEWERA A PA MTUNDA

Pa gombe la nyanja ya mcere ana a alendo amasewera m'madzi. Pa Kafue zimenezi n'zosatheka, ndipo makolo anene mosabisa asananyamuke kunyumba kuti palibe mwana adzasamba kapena kuponda m'madzi. Masewera onse acitikire pa mtunda, pa malo oyera opanda bango, patali ndi madzi mapazi makumi awiri kapena kuposerapo. Anyamata angakumbe maenje a nsolo kapena kumenya mpira, atsikana angasewere ciyato ndi kulumpha cingwe, ndipo aang'ono angaumbe ng'ombe za dothi ndi madzi ocokera m'cigubu ca kunyumba. Mpira ukagwera mu mtsinje, wapita. Lamulo limeneli linenedwe mpira usanatulutsidwe m'thumba.

M'mbali mwa mtsinje muli malo ena ocerezera alendo amene ali ndi mabwato a injini oyendetsa anthu pa mtengo, maka-maka pa Ciweru ndi pa Sondo. Mabanja angapo, kapena gulu la amai a ku chalichi, angasonkhe ndalama ndi kukambirana mtengo ndi mwini bwato. Musanakwere funsani zinthu zitatu, popeza safunsa anadya phula. Coyamba, kodi bwatolo limaloledwa kunyamula anthu angati? Caciwiri, kodi muli majekete oyandamitsa munthu, amene eni mabwato amati life jacket, okwanira aliyense, ndipo alipo aang'ono okwana ana? Jekete ya munthu wamkulu imavuka mwana akagwera m'madzi. Cacitatu, kodi woyendetsayo sanamwe moŵa? Yankho limodzi likakhala losakhutiritsa, bwererani pa mtunda. M'bwato ana akhale pakati, asaimirire ndipo asalowetse manja m'madzi. Bwato la mtengo la asodzi si la ulendo wa ana.

Banja limene ana ake ndi aang'ono kwambiri lingalowere ca kumpoto m'malo mwake, ku Munda Wanga ku Chilanga. Malowa anayambidwa ndi Ralph Sander m'zaka za m'ma 1950 ngati munda wa maluwa ndi mitengo, ndipo pambuyo pake munaikidwa nyama. Funsani za mtengo wolowera ndi nthawi yotsegulira musanakwere basi.

ADANI ANAI

Tsoka silinunkha, conco kholo lililonse lidziwe adani anai a mwana pa mtsinje.

Woyamba ndi kumira. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO linapeza kuti mu 2021 anthu pafupi-fupi 300,000 anafa pomira m'madzi, ndipo pafupi-fupi mmodzi mwa anai alionse anali mwana wosafika zaka zisanu. N'cifukwa cake bungwe la United Nations linasankha tsiku la 25 Julayi kukhala lokumbutsa anthu za ngoziyi. Mwana womira kawiri-kawiri safuula. Amalowa m'madzi mwakacete-cete pamene akulu ali pa maceza. Pa cifukwa cimeneci munthu wamkulu mmodzi apatsidwe ana osaposa atatu, awadziwe maina, ndipo asakhale ndi nchito ina. Mtsikana wa zaka khumi asapatsidwe udindo wolera mng'ono wake pafupi ndi madzi. Cenjerani ndi udzu woyandama wa masamba onenepa ndi maluwa okongola, umene ambiri amati Kafue weed ndipo anzathu a ku Malawi amati namasupuni. Udzuwu unacokera ku South America, ndipo umaphimba madzi mwakuti mwana amayesa ndi kapinga wopondapo.

Munthu akagwera m'madzi, wosadziwa kusambira asadumphiremo, kuopa kuti maliro angakhale awiri. Mponyereni cingwe, nsungwi yaitali kapena cigubu copanda kanthu cotsekedwa bwino, pakuti cimayandama. Akavuulidwa musamzondotse kuti madzi aturuke. Ngati sakupuma, mgonekeni cagada, muuzireni mpweya m'kamwa ndi kumsindikiza pa cifuwa mobwereza-bwereza, wina atathamangira thandizo. Ngakhale atatsitsimuka, apite nayebe ku cipatala tsiku lomwelo.

Waciwiri ndi ng'ona. Imabisala m'madzi osaya pafupi ndi bango, ndipo imazolowera malo amene anthu ndi ziweto amabwerako tsiku ndi tsiku. Kukhala bata kwa madzi sikutanthauza kuti mulibe kanthu. Imagwira kwambiri m'mamawa, madzulo ndi usiku, ndiponso m'nyengo yotentha pamene yaikazi ikulonda mazira ake mu mcenga. Mwana asagwade pa mphepete kusamba m'manja kapena kutsuka mbale.

Wacitatu ndi mvuu. Usiku imaturuka kukadya udzu, ndipo njira zake zimaoneka m'bango ngati tinjira ta ng'ombe. Musakhale pa njira yotere, pakuti mvuu ikadzidzimuka imathamangira ku madzi ndi kuponda ciliconse cimene cili patsogolo pake, ndipo liŵiro lake limaposa la munthu. Yaikazi yokhala ndi mwana imagubuduza ngakhale bwato.

Wacinai ndi wosaoneka ndi maso: likodzo. Munthu wodwala akakodza kapena kucita cimbudzi m'madzi, mazira a tinjoka amaswa ndi kulowa mu nkhono za m'madzi. M'menemo timakula, kenaka timaturuka ndi kuboola khungu la aliyense woponda m'madzimo, ngakhale kwa kanthawi kocepa. Nkhono zimenezi zimakonda madzi odekha okhala ndi udzu. Dotolo wa ku Germany, Theodor Bilharz, ndiye anazindikira tinjokati mu 1851 ali ku Cairo. Mwana wokodza magazi sanakule ai, monga ena amanenera, koma wadwala, ndipo akalekereredwa magazi amamcepera, sukulu imamvuta ndipo cikhodzodzo cimaonongeka. Mankhwala ake ochedwa praziquantel amapezeka ku cipatala, ndipo a zaumoyo akabwera nao pa sukulu makolo asaletse ana kumwa.

ZA M'THUMBA LA ULENDO

Madzi akumwa acokere kunyumba, owiritsa kapena othira kolorini. Sitinaiwale mliri wa kolera umene unayamba mu Okutobala 2023, umene unapha anthu oposa 700 ndi kucedwetsa kutsegulira kwa masukulu mpaka mu Febuluwale 2024. Tengani sopo, ndipo ana asambe m'manja ndi madzi a m'cigubu asanadye. Kamba wa pa ulendo asakhale wogula: mbatata zophika, nshawa zokazinga, cimanga cokazinga, nthoci ndi thobwa n'zokwanira. Nsomba yogula pa doko ikaphikidwe kunyumba mpaka ipse bwino. Mwana aliyense avale nsapato ndi cipewa, ndipo wamng'ono aikiridwe m'thumba kapepala kolembapo dzina la mudzi ndi nambala ya foni ya kholo. Akulu asamwe moŵa pa ulendo wa ana. Nyamukani m'mawa, ndipo pofika 15 koloko yambani ulendo wobwerera, udzudzu ndi mvuu zisanayambe kuyenda. Muwawerenge ana pokwera basi, potsika, ndiponso pocoka pa gombe.

Zimene tanena za Kafue zikhudzanso owerenga athu okhala m'mbali mwa Luangwa, Lunsemfwa ndi madamu a m'midzi ya ku Chipata, Katete ndi Petauke. Madzi alionse ali ndi zophunzitsa zake ndi zoopsya zake, ndipo mwana aziphunzire zonse ziwiri kwa munthu womkonda.

Nchito imeneyi si ya makolo okha. Aphunzitsi angakonze ulendo wa kalasi mogwirizana ndi komiti ya makolo, napempha wa zaumoyo kapena wa dipatimenti ya nsomba, imene likulu lake lili ku Chilanga komweko, kuti adzalankhule ndi ana. Mafumu ndi akulu a mipingo angathandize kuti ana amasiye ndi a m'mabanja osowa asatsale, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Banja limene likupita ndi ana atatu lingatengeko wacinai wa pa khomo loyandikana nalo. Chuthi cikubweraci, sankhani tsiku, sungani ndalama ya basi, ndipo mukawasonyeze ana mtsinje wao.